Mbadwa, Mlendo ndi Mzungu: Mbiri ya Mawu Otsutsana ku Sunningdale

M'mabuku a Chingerezi a ku pulayimale, kaya ndi ku Harare, ku Chipata kapena ku Kasungu, simulephera kupezeka ntchito youza mwana kuti apereke mawu otsutsana m'matanthauzo. Kumanzere kumalembedwa "hot", "big", "long", ndipo mwana amadzaza kumanja ndi "cold", "small", "short". Ntchito yotereyi imamusiya mwana ndi maganizo akuti liwu lililonse linabadwa ndi mdani wake mmodzi amene sasintha. Maganizowo amayamba kugwedezeka mwanayo akangofika pa liwu lakuti "old". Galimoto ikakhala "old", yotsutsana nayo ndi "new", koma munthu akakhala "old", wotsutsana naye ndi "young". Liwu lakuti "light" limatsutsana ndi "heavy" pokamba za katundu, ndipo limatsutsana ndi "dark" pokamba za kuwala. "Right" ali ndi "left" pamsewu, koma m'kalasi ali ndi "wrong". Chichewa nachonso chili ndi khalidwe lomweli. Nkhuni zaziwisi zimatsutsana ndi zouma, mango aawisi ndi akupsa, nyama yaiwisi ndi yophika kapena yootcha. Liwu ndi limodzi, koma chinthu chimene chikukambidwacho ndicho chimalisankhira mnzake wotsutsana naye.

M'kalasi nkhani imeneyi imathera pa malikisi. Koma ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kunali mawu ena a Chingerezi amene otsutsana nawo ankasankhidwa ndi boma, ndipo kusankhako kunkalamula kumene munthu angagone, ntchito imene angagwire, ndiponso ngati dzina lake lingalowe m'kaundula wa voti. Amene anaumva kwambiri ululu wa kusinthasintha kwa mawuwa anali antchito ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zawo. Dera la Sunningdale, limene lili kum'mwera kwa pakati pa mzindawu, m'mbali mwa msewu wa Seke wopita ku Chitungwiza, ndi malo abwino oonerapo mbiri imeneyi, chifukwa nalonso lakhala likusinthidwa mbali pamene lili pomwepo.

Mmene Angerezi anasanjira mawu awo

Chizolowezi choika mawu awiriawiri moyang'anizana n'chakale, koma m'Chingerezi chinazika mizu m'mabuku a m'zaka za m'ma 1800. Mu 1852 dokotala wina wopuma pantchito, Peter Mark Roget, anatulutsa ku London buku lake lotchedwa Thesaurus, ndipo anasanja mawu m'mizere iwiri patsamba, ganizo mbali ino, lotsutsana nalo mbali inayo. Liwu lenilenilo lakuti "antonym" linadza pambuyo pake, mu 1867, m'buku la C. J. Smith la mawu ofanana ndi otsutsana.

Akatswiri a zilankhulo amene anabwera pambuyo, monga John Lyons, anaonetsa kuti kutsutsana kuli mitundumitundu. Pali kutsutsana kokhala ndi pakati, monga "hot" ndi "cold", pakuti madzi atha kukhala ofunda chabe. Pali kutsutsana kopanda pakati, monga "alive" ndi "dead": amene sali mbali iyi ali mbali inayo basi. Palinso kutsutsana kodalirana, monga "buy" ndi "sell", kapena "host" ndi "guest", kumene mbali imodzi singakhalepo popanda inzake, pakuti palibe wogula popanda wogulitsa. Mu 1991 John Justeson ndi Slava Katz, atasanthula ndi kompyuta mulu waukulu wa zolembedwa za Chingerezi, anapeza kuti mawu amene anthu amawamva ngati otsutsana enieni ndi amene amapezeka kawirikawiri m'chiganizo chimodzi. Zimenezi zikutanthauza kuti wolemba mawu awiri moyandikana tsiku ndi tsiku, kwa zaka zambiri, atha kuwasandutsa adani m'makutu mwa anthu. Ku Southern Rhodesia wolemba wotereyo anali boma, ndipo mtundu umene linkaukonda unali wachiwiri uja, wopanda pakati.

"Native" ndi "European"

Gulu la Pioneer Column la kampani ya Cecil Rhodes litafika pafupi ndi kaphiri kotchedwa Kopje mu Sepitembala 1890 n'kukweza mbendera pamalo amene linawatcha Fort Salisbury, linabweranso ndi liwu lakuti "native". Ku England liwuli linalibe mlandu. Linkatanthauza munthu wobadwira pamalo, mbadwa, ndipo lotsutsana nalo linali "foreigner", munthu wochokera kwina. Ku Salisbury linapatsidwa mdani watsopano, "European". Mzungu wobadwira mu Salisbury momwemo sanali "native", pamene mnyamata wa ku Dedza amene anafika dzulo lake, mapazi atatupa ndi ulendo, anali "native". Mzungu wa Chibunu amene makolo ake anali asanaponde ku Ulaya kwa mibadwo ingapo anali "European". Mawu awiri okamba za malo anasanduka mawu okamba za khungu.

Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linatenga mawu awiriwa n'kuwajambula pamapu. Pafupifupi theka la dziko, kuphatikizapo matauni onse, linakhala dera la azungu, ndipo munthu wakuda ankaloledwa m'tauni ngati wantchito chabe. Malo ake ogona anali lokeshoni ya Harari, imene inakhazikitsidwa mu 1907 ndipo lero ndi Mbare, kenaka Highfield m'zaka za m'ma 1930, ndi Mabvuku ndi Mufakose m'zaka za m'ma 1950. Lamulo lina la 1946, lokhudza malo ogona ndi kalembera wa anthu akuda m'matauni, linalimbitsa mawu enanso awiri, "married" ndi "single". Kwa mkulu woyang'anira lokeshoni, wokwatira anali yekhayo amene ukwati wake unalembedwa ndi kuvomerezedwa ndi boma. Bambo wosiya mkazi ndi ana asanu ku Ntcheu ankawerengedwa kuti ndi "single", ndipo ankapatsidwa bedi m'chipinda cha amuna okhaokha m'mahositelo monga a Matapi.

Njira ya ku Halale

Kwa anthu a ku Nyasaland mzindawu unali Halale. Msonkho wa nyumba, ntchito ya thangata m'minda ya azungu ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndi kuchepa kwa malipiro kwawo zinatulutsa amuna m'midzi. Ambiri ankayenda pansi, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kulowa mu Southern Rhodesia cha ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Ena ankagwera m'manja mwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, limene antchito ankalitcha chibalo. Pofika 1912 anthu a ku Nyasaland anali atachuluka kotero kuti Mbusa T. C. B. Vlok anachoka ku Nkhoma kukawatumikira ku Salisbury, ndipo ntchito yakeyo ndiyo inabala sinodi ya CCAP ya Harare. Mu 1935 komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey inadandaula za midzi ya ku Nyasaland imene inatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba, ndiponso za matchona amene sanabwererenso. Chaka chotsatira maboma atatu a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri anasayinirana pangano la kayendedwe ka antchito ku Salisbury komweko.

Panjira imeneyi panali liwu lina la nkhope ziwiri, "free". Malole a boma la Southern Rhodesia onyamula antchito popanda malipiro, amene anthu anawatcha Ulere, anali "free" chifukwa sankalipiritsa, ndipo lotsutsana nalo pamenepo linali "paid". Koma wantchito wotchedwa "free" anali wopita yekha, wa selufu, ndipo wotsutsana naye anali womangidwa ndi kontirakiti ya chibalo kapena ya Mthandizi, bungwe limene linayamba mu 1946. Munthu ankatha kukwera ulendo waulere n'kukatsikira pafamu pamene sakanatha kuchokapo mwaufulu.

Antchitowa atachuluka m'migodi, m'mafamu ndi m'makhitchini a azungu, akuluakulu a boma anaona kuti thumba la "native" lakula, ndipo analigawa pawiri. M'malipoti awo munayamba kupezeka "indigenous native" ndi "alien native". Kwa Mngerezi wa ku London mawu achiwiriwa akanamveka ngati kunena kuti mbadwa yachilendo, kapena madzi ouma, pakuti kwawo "native" ndi "alien" ndi mawu otsutsana. Ku Salisbury anakhala bwinobwino pa munthu mmodzi. Pamaso pa mzungu munthu wa ku Nyasaland anali "native", choncho sakanagula nyumba ku Avondale. Pamaso pa Mshona anali "alien", choncho analibe munda m'madera osungidwira anthu akuda, ndipo boma likanatha kumuthamangitsa m'dzikomo nthawi iliyonse. Mphamvu imeneyi inagwiritsidwa ntchito. Mu 1927 Robert Sambo, amene anabwera kudzakhazikitsa ku Bulawayo nthambi ya bungwe la antchito la ICU la Clements Kadalie, anapirikitsidwa. Chaka chomwecho antchito a pamgodi wa Shamva, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, ananyanyala ntchito, ndipo ena mwa atsogoleri awo anabwezedwa kwawo.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, malire a liwu lakuti "foreign" anasuntha. Munthu wa ku Nyasaland anakhala wa m'kati mwa chitaganya, ndipo lamulo la Foreign Migratory Labour Act la 1958, loletsa antchito akunja kufuna ntchito m'matauni, linagwera makamaka anthu a ku Mozambique. Mchewa wa ku Dedza ndi Mchewa wa ku Angonia, olankhula chinenero chimodzi, mwinanso a mfunda umodzi, anaikidwa mbali zotsutsana. Chitaganya chitatha pa 31 Disembala 1963, wa ku Dedza uja anabwereranso kukhala wakunja, ndipo m'zaka zotsatira ziletso za m'matauni zinayamba kukhudzanso obwera kumene kuchokera ku Malawi. M'zaka khumi zokha munthu anawoloka malire kawiri asanatuluke m'chipinda chake ku Harari.

Dera limene silinakwane m'mizere iwiri

Kutsutsana kopanda pakati kumafuna kuti munthu aliyense akwane mbali imodzi, koma anthu sabadwa motsata mizere ya patsamba. Mu Salisbury munali Amwenye, munalinso anthu a makolo osakanikirana amene boma linkawatcha "Coloured". Iwowa sanali "European", sanalinso "native". Anthu a "Coloured" anapatsidwa madera awoawo pakati pa tauni ya azungu ndi malokeshoni, kufupi ndi njanji ndi mafakitale a Graniteside: Arcadia, Braeside, St Martins, ndi chigawo chakale cha Sunningdale. Dzina la Sunningdale likupezekanso ku Berkshire, ku England, kumene ndi dera la anthu olemera lotchuka ndi bwalo la gofu. Ku Salisbury dzina lomwelo linagwera pa nyumba zazing'ono za anthu amene lamulo linasowa powaika.

Pofuna kutseka mpata umenewu Chingerezi cha atsamunda chinagwiritsa ntchito kachidutswa kakuti "non-". Pa zikwangwani ndi pa mafomu panalembedwa "European" ndi "non-European". Chichewa chimapanga mawu otsutsana ambiri ndi kachidutswa ka kumapeto kakuti -ula: kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula, kuvundikira ndi kuvundukula. Kachidutswa kameneka kamabweza ntchito imene inachitika, ndipo mbali zonse ziwiri zimakhala ndi chochita chake. "Non-" sabweza kanthu. Amatenga mbali imodzi kukhala muyeso, n'kuitcha mbali inayo ndi chimene ilibe. Mshona, Mchewa, Mmwenye ndi munthu wa ku Arcadia analowa m'thumba limodzi lopanda dzina lakelake.

Lamulo la Land Tenure Act la 1969, limene linalowa m'malo mwa lija la 1930, linathetsedwa mu 1979, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 mawu akale a "African township" ndi "European suburb" anakhala onyansa kuwatchula. Akatswiri okonza mapulani a mizinda anabwera ndi ena awiri, "high-density" ndi "low-density", okamba za kuchuluka kwa nyumba pa malo. Mbare, Highfield, Mufakose ndi Glen View zinakhala "high-density", pamene Borrowdale, Highlands ndi Mount Pleasant zinakhala "low-density". Sunningdale, imene inakula ndi zigawo zatsopano za nyumba zothithikana ufulu utabwera, inalowa m'gulu loyamba, pamodzi ndi malokeshoni amene kale inkasiyanitsidwa nawo mwalamulo.

Apa pali chododometsa kwa wophunzira Chingerezi. Nthawi zambiri "high" ndiyo mbali yosiririka: malipiro apamwamba, sukulu yapamwamba, khoti lalikulu. Koma mu Harare "high" ndi kumene kuli mapuloti aang'ono, ndipo "low" ndi kumene kuli mipanda italiitali ndi mitengo ya jakaranda. Highlands ndi Highfield, mayina oyamba mofanana, ali mbali zotsutsana za mzinda. Ubwino umodzi wa mawu atsopanowa ndi wakuti ali ndi pakati, popeza kulinso "medium-density", ndipo munthu atha kusamuka kuchoka mbali ina kupita ina ngati thumba lalola. Komabe mzere wakale ukuonekabe pansi pa utoto watsopano. Anthu wamba amaudziwa ndi mayina awo. Ku Lusaka amati kumayadi ndi kukomboni. Ku Lilongwe aliyense amadziwa kusiyana kwa Area 10 ndi Kawale, ndipo ku Blantyre kwa Namiwawa ndi Ndirande.

Sunningdale inaonanso nkhope zingapo za liwu lakuti "independent". Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia ndi "independent", kutanthauza kuti yaleka kulamulidwa ndi London, ngakhale anthu akuda ankalamulidwabe ndi azungu ochepa. Pa 18 Epulo 1980 liwu lomwelo linatsutsana ndi ulamuliro wa ochepawo. Mu 1995 linatsutsana ndi chipani. Margaret Dongo, amene anamenya nawo nkhondo ya ufulu, anaima payekha m'dera la Harare South, limene panthawiyo linkaphatikiza Sunningdale. Atalengezedwa kuti wagonja kwa Vivian Mwashita wa ZANU-PF, anakadandaula ku khoti lalikulu, chisankho chinathetsedwa, ndipo pa chisankho chobwereza cha mu Novembala chaka chomwecho anapambana. M'zaka 30 liwu limodzi linasintha mdani katatu.

"Citizen" ndi "alien"

Liwu lakuti "native" linachoka m'malamulo ufulu usanabwere, koma "alien" anatsala, ndipo anapeza mnzake watsopano wotsutsana naye, "citizen". Pa zitupa za ku Zimbabwe, nzika inkalembedwa CIT, ndipo ana ambiri a matchona, obadwira ku Mbare, ku Mabvuku, m'migodi ndi m'mafamu, ankalembedwa ALIEN. Lamulo la unzika la 1984 linaletsa kukhala nzika ya mayiko awiri. Mu 2001 lamuloli linakhwimitsidwa: aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina anayenera kuukana motsata malamulo a dziko linalo m'miyezi isanu ndi umodzi, kuchokera pa 6 Julayi 2001 mpaka pa 6 Januwale 2002. Ofesi ya kalembera inatanthauzira lamuloli mokulitsa, kuti likhudze ngakhale munthu amene bambo ake okha ndiwo anabadwira kunja. Mayi wobadwira ku Highfield, amene sanaonepo Mwanza kapena Dedza, anauzidwa kuti akakane unzika umene sanakhalepo nawo. Ambiri sanamve n'komwe za lamuloli, ena analibe ndalama kapena zikalata, ndipo pa chisankho cha pulezidenti cha mu Malichi 2002 anapezeka kuti alibe voti. Ku Malawi nakonso khomo silinali lotsekula, pakuti lamulo la unzika la 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, mpaka Nyumba ya Malamulo italisintha mu 2018.

Mawu a Chingereziwa anali ndi abale awo m'Chishona. Kunali "mwana wevhu", mwana wa nthaka, wotsutsana ndi "mutorwa", wobwera. Kunali mayina onyoza monga "mabhurandaya", lochokera ku dzina la Blantyre, ndi "matevera njanji", otsata njanji. M'nyengo ya ndale zotentha imene inatsatira kugonja kwa boma pa riferendamu ya mu Febuluwale 2000, Pulezidenti Robert Mugabe ananena pamsonkhano kuti anthu a ku Mbare otsatira chipani chotsutsa ndi opanda mitupo, ochokera kunja. Mutupo m'Chishona ndi chimene Achewa amati mfunda kapena chiwongo. Anthu onenedwawo anali a Banda, a Phiri, a Mwale, a Mbewe, eni mifunda yakale ndithu. Chimene analibe chinali mfunda wodziwika kwa wolankhulayo, ndi mudzi wa m'Zimbabwe woti angauloze.

Kusowa kwa mudzi kumeneku kunaluma kwambiri mu 2005. Kuyambira mu Meyi chaka chimenecho boma linagwetsa nyumba ndi misika m'madera othithikana a m'matauni pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, likugwiritsa ntchito mawu awiri opanda pakati, "legal" ndi "illegal". Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya bungwe la United Nations, linayerekeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, ntchito, kapena zonse ziwiri. Ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Lamulo limenelo linkaganiza kuti "urban" aliyense ali ndi "rural" wake womudikira. Kwa mdzukulu wa mtchona, mudzi unali lokeshoni yomweyo. Kumeneko n'kumene kunali manda a agogo ake, mpingo wake kapena mzikiti wake, ndi bwalo la gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Mu 2003 lamulo linafewetsedwa kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC kudzagwira ntchito. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anapita patsogolo: gawo 43 linati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye amakhala m'Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Anthu amene kwa zaka zambiri anali mbali ya "alien" anawolotsedwa ndi chiganizo chimodzi. Komabe chitupa sichisintha chokha. Mwini wake amayenera kukaima pamzere ku ofesi ya kalembera ndi chikalata cha kubadwa, ndipo m'mabanja ambiri a m'mafamu ndi m'migodi chikalata chimenecho sichinalembedwepo.

Mlendo ndi mwininyumba

Liwu la Chichewa limene anthu amathamangira pomasulira "alien" ndi mlendo, koma awiriwa si a mtundu umodzi. "Alien" wa m'malamulo ndi wa kutsutsana kopanda pakati. Mlendo ndi wa kutsutsana kodalirana, pakuti sipakhala mlendo popanda mwininyumba, ndipo mwininyumba wa lero ndi mlendo wa mawa akapita kwa amene anamuchereza. Ulendo umathanso. Wobwera pamudzi amapatsidwa malo, amalima, amakwatira, amaika maliro, ndipo ana ake sayesedwanso alendo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka, choncho ayenera kusamalidwa akadalipo. Boma la atsamunda linatenga theka loyamba la mwambiwu n'kusiya lachiwiri. Linkawerengera kuti wantchito wa kumpoto adzauma ngati mame kontirakiti ikatha, ndipo silinakonzekere za amene anakhala, n'kubereka Moses Chunga wa mpira, kapena Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso a nyimbo za sungura, amene Zimbabwe yonse imawatcha ake.

Chichewa chilinso ndi liwu lakuti mtchona, limene Chingerezi chilibe lofanana nalo ndendende. Mtchona amaonedwa kuchokera kumudzi kumene anachoka: ndi amene anapita osabwerera, ndipo wotsutsana naye ndi wobwerako, uja wofika ndi njinga, sutikesi ndi bulangete. Choncho munthu mmodzi yemweyo anali mtchona kwa abale ake a ku Ntcheu, "native" kwa bwana wake wa ku Avondale, "alien native" kwa mlembi wa boma, "single" kwa woyang'anira hositelo, ndi "mubhurandaya" kwa mnansi wake. Dzina lililonse linali ndi lotsutsana nalo losiyana, ndipo lililonse linkadalira amene akuyang'ana ndi pamene waima.

Mphunzitsi wabwino wa Chingerezi akafunsidwa liwu lotsutsana ndi "old" amayamba wapempha chiganizo chonse, kuti adziwe ngati akukamba za galimoto kapena za munthu. Mbiri ya Harare ikuwonjezerapo mafunso awiri: chiganizocho analemba ndani, ndipo analemba chaka chiti. Gawo 6 la malamulo a 2013 aja limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Zinasanjidwa motsata alifabeti, popanda mizere iwiri yoyang'anizana, ndipo chifukwa cha kasanjidwe kameneko dzina loyamba pa mndandandawo ndi Chewa, kenaka Chibarwe, ndipo Chingerezi chikubwera pachitatu.